Mbiya Zitatu za Kung'anjo

Sendererani kuno, ana anga. Wamng'onoyo mumuike pamwendo panga pano. Nthano ya leroyi ndi yachisoni, koma ndikufuna muimve mpaka kumapeto.

Kalekale, njira za mapazi zisanakule n'kukhala misewu, padali munthu wina wosula zitsulo. Dzina lake adali Kamwaza. Ankasula makasu, nkhwangwa ndi malumo. Manja ake adali akuda ndi makala, koma adali munthu wofatsa, wosadziwa kukalipa.

Kamwaza adali mkamwini. Ankakhala kwawo kwa mkazi wake, Nachisale, ndipo adali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Nthambi. Pakhomopo padalinso apongozi ake, aNangondo, mayi a pakamwa pakuthwa koma a manja opatsa.

Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake sankayang'anana kumaso, ndipo sankalankhulana. Akakumana panjira, wina ankapatukira patchire. Akafuna kuuzana kanthu, ankadzera mwa mwana.

"Nthambi," ankatero aNangondo, "kawauze atate ako kuti khasu andisulira lija likulemera ngati mlandu."

Kamwaza ali pomwepo, nkhope atalozetsa kunkhokwe, ankayankha kuti, "Nthambi, kawauze agogo ako kuti khasu n'lomwe lija. Zaka ndizo zalemera."

Nthambi ankangoima pakati n'kumaseka. Uthenga sankaupereka, poti onse awiri adali atamva kale.

Tsono tsidya la kamtsinje, m'kati mwa mitengo ya miwanga, mudali ng'anjo ya Kamwaza. M'menemo ndimo ankasungunuliramo miyala kuti itulutse chitsulo. Kumeneko munthu wamkazi sankapondako. Akuluakulu ankati mkazi akapondako chitsulo sichituluka, ndipo ngati mwini ng'anjo ali paulendo, sabwerako wamoyo. Amayi akamakatola nkhuni ankazungulira kutali, maso atayang'ana kumbali.

Chaka china, anthu atangomaliza kukolola, padafika wamalonda a mchere. Ankabwera chaka ndi chaka ndi mitolo iwiri, akuimba mluzu. Ulendo uwu adabwera ndi mtolo umodzi, ndipo mluzu padalibe.

"Bwanji achimwene, mchere wina mwanyambita panjira?" adafunsa Kamwaza.

"Amisiri, sekani lero, poti mano mudakali nawo," adayankha wamchereyo. Adakhala pansi n'kutsitsa mawu. "Mfumu yaikulu ya dziko lino yamwalira. Ana awiri a mlongo wake akulimbirana mpando. Wina wasonkhanitsa ankhondo kumtunda, wina kuchigwa. Njira zikutsekeka. Kumene ndachokerako, a Kumtunda adapakula nkhokwe zonse. M'mawa mwake a Kuchigwa adabwera n'kutentha nkhokwezo, ati chifukwa zadyetsa adani."

"Nanga adzapambana ndani?"

"Ndikadadziwa bwenzi ndikumugulitsa mchere yemweyo. Ine sindibweranso kuno mpaka fumbi litakhala pansi. Mukafuna kusunga kanthu, amisiri, sungani pomwe diso silifika."

Tsiku limenelo Kamwaza sadasule. Adakhala pafupi ndi mivukuto yake youzira moto, akuyang'ana mkazi wake akupeta. Nachisale adali ndi pakati. Nthambi ankathamangitsa nkhuku. ANangondo ankakalipira mbuzi. Kamwaza adati mumtima mwake, "Anthu awa ndi anga. Sadzagona ndi njala."

Tsono adayamba kukonzekera. Adatenga makasu onse amene adasula chaka chimenecho n'kumayenda nawo m'midzi yakutali, komwe sankamudziwa bwino. Kwina adasinthanitsa ndi mapira, kwina ndi nzama, kwina ndi mawere. Adagula mchere kwa wamalonda uja asanachoke. Kwa woumba wina wa kuseri kwa phiri adatengako mbiya zitatu zazikulu, n'kuzisenza yekha, imodziimodzi, podzera njira za m'thengo.

Zonsezi sadafike nazo pakhomo. Ankaziika pansi pa mtanga, pamwamba n'kuthira makala. Ndani angafunse wosula atasenza makala? Ankadutsa masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akumulonjera, iye akuyankha.

Kuseri kwa ng'anjo adakumba maenje atatu. Adasakaniza mbewu ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. M'mbiya yoyamba adathira mapira. M'mbiya yachiwiri adathira mawere. M'mbiya yachitatu adathira nzama, pamwamba pake n'kuika mchere wokulunga m'masamba. Adavundikira ndi mapale, n'kumata ndi dothi la pachulu, n'kukwirira. Pamwamba adamwazapo zinyalala za chitsulo ndi makala akale.

Ataimirira adapukuta thukuta n'kumwetulira. "Apa ndiye palibe angafikepo," adatero. Ndipo adanena zoona, ana anga. Adanena zoona kuposa momwe ankaganizira.

Kunyumba, aNangondo adali ataona kale kuti makasu akutha koma pakhomo sipakulowa kanthu.

"Nthambi, kawafunse atate ako ngati makasu masiku ano akumera mapiko. Kapena kuseri kwa phiriko kuli kamayi kena kamene kakulima ndi makasu khumi?"

Kamwaza adangowerama n'kumakanda pansi ndi chala.

Madzulo ake, akutsuka m'manja kuseri kwa nyumba, Nachisale adamufunsa. Uwu udali mpata woyamba woti amuuze.

"Atate ake a Nthambi, amayi akunena zoona? Makasu apita kuti?"

Kamwaza adayang'ana mimba ya mkazi wake. Adaganiza kuti, "Mayi wapakati sauzidwa za nkhondo. Ndiponso munthu sangaulule chimene sakuchidziwa, ngakhale amumenye." Tsono adati, "Mtima m'malo, amake Nthambi. Zonse ndakonza."

"Mwakonza chiyani?"

"Mudzaona nthawi yake."

Nachisale adamuthirira madzi m'manja. Ankamudziwa mwamuna wake kuti si wabodza.

Mwezi usanathe adafika ankhondo a Kumtunda. Adapakula theka la nkhokwe iliyonse m'mudzimo. Adatenga mbuzi zonenepa. Kenaka mtsogoleri wawo adaima pamaso pa Kamwaza.

"Iwe ndiwe wosula uja? Makasu usiye. Tikufuna mikondo makumi awiri pofika mkuja."

"Ine ndimasula zolimira, bambo."

"Mkondo nawo umalima. Umalima anthu okana."

Kamwaza adasula mikondoyo, mtima ukumupweteka. Ankhondo adatenga n'kupita.

Nachisale adasuzumira m'nkhokwe n'kuyamba kulira. Uwu udali mpata wachiwiri.

"Zatsalazi sizitifikitsa kumvula. Nanga mwana akubwerayu ndidzamuyamwitsa chiyani? Mudati mwakonza. Ndiuzeni."

Mawu adafika pakamwa pa Kamwaza. Koma pabwalo padali amayi ena akudandaula za nkhokwe zawo, ndipo makutu adali ambiri. Adati mumtima, "Ndimuuza mawa." Pakamwa adangoti, "Ine ndili moyo, simudzagona ndi njala."

"Nanga inu mukapanda kukhalapo?"

Kamwaza adaseka. "Ndipita kuti ine? Mkamwini sachoka, amachita kuthamangitsidwa."

Mawa lidafika, iye adati mawa. Mkuja lidafika, iye adati mwana abadwe kaye.

Mwana adabadwa nthawi ya chisanu, wamwamuna. Nachisale adalowa m'chikuta, m'nyumba ya azamba kumapeto kwa mudzi, momwe mwamuna saloledwa kulowa mpaka mchombo wa mwana utagwa. Kamwaza ankangozungulira chapatali ngati nkhuku yofuna poikira. Akamva kulira kwa khanda ankaseka yekha.

Tsiku lachitatu la chikuta, dzuwa litangokwera, adafika ankhondo a Kuchigwa. ANangondo atangomva phokoso adakankhira Nthambi m'munda wa nandolo. "Thawa, ukagone pansi, usadzuke mpaka ndikuitane!"

Ankhondowo adalunjika kwa Kamwaza.

"Mikondo imene yalasa anzathu idasulidwa pano. Lero ukasulira ife."

Adamumanga manja ndi luzi n'kumumangirira pamtengo wa pabwalo. Kenaka onse adathamangira kumakola ndi kunkhokwe kukatenga zotsala.

Uwu udali mpata wachitatu, ana anga, ndipo udali womaliza. Pabwalo padatsala anthu awiri okha. Kamwaza pamtengo, aNangondo pakhonde, mtunda wongoponya chikho. Ankhondo adali kutali, mbuzi zikulira, palibe akadamva.

Kamwaza adayang'ana uku ndi uku kufuna Nthambi. Nthambi padalibe. Adatsokomola. ANangondo atamva kutsokomola kwa mkamwini adachita zomwe adazolowera zaka zisanu ndi ziwiri: adatembenuka n'kumupatsa msana. Misozi inkatsika m'masaya mwawo. Ankafuna kumupatsa madzi akumwa, koma wotuma padalibe.

Kamwaza adatsegula pakamwa. Mawu amene ankafuna kunena adali ochepa: "Amayi, chakudya chili kung'anjo." Koma lilime lidalemera. Sadawaitanepo apongozi ake chikwatirire. Adati mumtima, "Mwana atulukira pompano, ndimutuma." Adadikira. Adatsegulanso pakamwa. Ndipo ankhondo adabwerera.

Akumukoka, adafuula molunjika kunyumba ya azamba, "Amake Nthambi! Musaope! Ndidakonza!" Zoposa pamenepo sakadanena, poti mikondo idali m'mbali mwake. Nachisale adamva ali m'kati, khanda lili pachifuwa. Azamba adamugwira kuti asatuluke.

Nkhokwe zidatsala zopanda kanthu. Makola adatsala otsegula. Amuna ambiri adali atatengedwa kukasenza katundu, ena adathawira kumapiri. Njira zidamera udzu. Wamchere sadabwere, wa nsomba zouma sadabwere, wa nsalu sadabwere. Munthu ukadakhala ndi mikanda yodzaza nsengwa, palibe akadakupatsa mapira odzaza dzanja.

Nachisale atatuluka m'chikuta adakumbukira mawu a mwamuna wake. Adati, "Amayi, bamboyu sanama. Pali chimene adabisa."

"Akadakhala ndi pakamwa akadanena," adatero aNangondo. "Koma tiye tifune."

Adakumba pansi pa nyumba, pogona pomwe. Adapeza dothi lokha. Adakumba m'khola la mbuzi. Adapeza ndowe zakale. Adapita kudimba, n'kukumba pansi pa nthochi iliyonse. Adapeza mizu.

Tsono adayamba kudya za kuthengo. Ankakumba mpama n'kuuphika kawiri katatu kuti ululu uchoke. Ankasinja zitsa za nthochi. Ankapulula njere za udzu n'kupera pamphero. Mpama wambiri unkamera m'mbali mwa kamtsinje kaja, moyang'anana ndi miwanga ya kung'anjo. Nachisale ankakumba pamenepo tsiku ndi tsiku, khanda lili kumbuyo, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa mwambo.

Khanda likalira ankaligwedeza n'kumaimba:

*Tonthola, mlendo wanga, tonthola,*
*Atate apita kokasula.*
*Akabwera adzatiuza,*
*Tonthola, mlendo wanga, tonthola.*

Tsiku lina Nthambi, amene tsopano miyendo yake idali ngati mapesi, adaloza tsidya lija.

"Amayi, atate ankapita ndi mitanga uko tsiku lililonse. Bwanji tikaoneko?"

Asanayankhe mayi ake, aNangondo adamutseka pakamwa ndi dzanja. "Mwana iwe! Ukufuna kupha atate ako? Ali paulendo. Mkazi akaponda uko, sabwerako. Ija idali mitanga ya makala, tonse tinkaiona."

Koma mawu a mwanayo adamukhala Nachisale mumtima. Tsiku lina adafika m'mphepete mwa madzi n'kuima. Adabwerera. Tsiku lina adafikanso, n'kuchotsa khasu paphewa. Adabwerera. Tsiku lachitatu adaponda m'madzi ndi phazi limodzi. Madziwo adali osafika n'komwe m'mawondo. Adaona ng'anjo itaima pakati pa mitengo, udzu utayamba kumera pakamwa pake. Kenaka adaona m'maganizo mwake mwamuna wake atagwa panjira yakutali, popanda womutseka maso.

"Munthu wanzeru ngati uja sangaike chakudya pomwe ife sitingafike," adadziuza yekha. "Ndikangopita chabe, ndimupha popanda chifukwa."

Adatulutsa phazi m'madzi n'kubwerera kukakumba mpama.

Chilimwe chidafika, nthaka idauma gwa, mpama udayamba kusowa. ANangondo adayamba chizolowezi chatsopano. Chakudya chikapsa ankati, "Ine ndadya kale kwa anzanga kuja. Mupatseni mwanayu." Mawa lake ankati, "M'mimba mwandisokoneza, idya ndiwe woyamwitsawe."

"Amayi, kwa anzanu kuti? M'mudzi muno muli yemwe akuphika?"

"Iwe, ndidakubala ndine. Usandifunse ngati ndine mwana."

Pakamwa padali pakuthwabe, koma mawu adali atachepa. Tsiku lina m'mawa sadathe kudzuka. Adaitana Nthambi n'kumugwira dzanja.

"Nthambi, atate ako akadzabwera udzawauze kuti khasu lija lidali labwino. Ndinkangowaputa."

Dzuwa lisanafike pamutu adatsikira kuli chete. Adaikidwa ndi amayi okhaokha ndi nkhalamba ziwiri, m'manda osazama, poti okumba adalibe mphamvu.

Pambuyo pake mkaka wa Nachisale udayamba kuuma. Ankamwa madzi ambiri kuti mwina ubwera. Ankatafuna mizu imene azamba adamuuza. Khanda linkayamwa, n'kusiya, n'kulira, n'kuyamwanso. Kenaka kulira kudachepa. Kenaka kudasiya. Tsiku lina ali kumtsinje kuja, Nachisale adamva kuti kumsana kwazizira. Adamasula mbereko pang'onopang'ono. Adakhala pansi m'mphepete mwa madzi, mwana ali m'manja, mpaka amayi ena adabwera kudzamudzutsa.

Nanga Kamwaza? Iye adali kutali kuchigwa, akusula mikondo usana wonse, mlonda ali pambali. Anzake ogwidwa ankalira za ana awo. Iye ankawatonthoza. "Kwanga ndiye ndilibe nkhawa," ankatero. "Mkazi wanga ndi wochenjera. Ndidamuuza kuti ndidakonza. Akafuna m'nyumba n'kusowa, aganiza yekha za kung'anjo. Njala ikafika, mwambo umapatuka." Ankakhulupirira zimenezo chifukwa sakadatha kukhala ndi moyo akadapanda kuzikhulupirira.

Nkhondo ija idatha mopanda wopambana. Wa Kumtunda adadwala nthomba n'kumwalira. Wa Kuchigwa ankhondo ake adamuthawa atatopa ndi njala. Akuluakulu adakhala pansi n'kuika munthu wina pampando, amene palibe adamuganizirapo. Tsiku lina m'mawa ogwidwa aja adangoona kuti mlonda palibe.

Kamwaza adayenda masiku asanu. Mitambo ya mvula yoyamba idali itayamba kusonkhana. Panjira adasema kachidole ka mtengo ka Nthambi. Ankayenda akuwerenga miyezi: mwana uja tsopano akukhala yekha pansi, mwina mano ayamba.

Atalowa m'mudzi sadamve tambala, sadamve mtondo. Pakhomo pake adapeza mayi wina wowonda atakhala pakhonde, mutu wometa. Pambali pake padagona kamtsikana. Adatsala pang'ono kufunsa kuti eni nyumba adapita kuti.

"Mwabwera, atate ake a Nthambi," adatero mayiyo.

Kamwaza adagwada. Adayang'ana kumsana kwa mkazi wake, kudalibe mbereko. Adayang'ana kukanyumba ka apongozi ake, chitseko chidali chotseka ndi mtengo kunja.

"Amayi ali kuti? Mwana ali kuti?"

"Amayi adapita chilimwe chitangoyamba. Mwana wapita mwezi wathawu."

"Koma chakudya! Kung'anjo kuja simudapiteko?"

Nachisale adamuyang'ana nthawi yaitali.

"Kung'anjo?"

"Mbiya zitatu. Mapira, mawere, nzama. Kuseri kwa ng'anjo."

"Kumene mkazi sapondako?"

Apo ndi pomwe Kamwaza adaona chimene adachita. Adafuna malo omwe mdani sangafike, ndipo adasankha malo omwe a m'nyumba mwake sangafike.

Nthambi adadzuka n'kukwawira pamiyendo pa atate ake. Adali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Kamwaza adamunyamula ndi dzanja limodzi, dzanja lina adagwira mkazi wake. Adatsetsereka kupita kumtsinje. Atafika pamadzi Nachisale adaima.

"Wolokani," adatero Kamwaza.

"Chitsulo chanu sichidzatulukanso."

"Chisatuluke. Wolokani."

Adawoloka onse atatu. Kamwaza adapalasa makala ndi manja n'kukumba. Adaswa dothi la pambiya yoyamba n'kuchotsa phale. Mapira adali mbuu ndi phulusa, ouma, osafumbwa ngakhale njere imodzi. Adatsegula yachiwiri. Adatsegula yachitatu. Zonse zidali monga adazisiyira. Ntchito yake adaigwira bwino kwambiri.

Nachisale adagwada n'kupisa dzanja m'mapira mpaka m'chigongono. Adawatapa n'kuwasiya kuti ayoyoke pakati pa zala. Kenaka adatembenuka n'kuyang'ana tsidya lomwe adachokera. Maenje a mpama ankaoneka bwinobwino, mzere wonse m'mbali mwa madzi.

"Ndinkakumba apo," adatero. "Mwana akalira, kulira kwake kunkafika pano."

Sadakalipe. Sadamutukwane. Kamwaza akadakonda akadamumenya ndi khasu.

"Ndinkafuna kuti musaope," adatero Kamwaza. "Ndinkafuna kuti akakufunsani musakhale ndi choulula. Ndinkafuna kusenza ndekha."

"Ndikudziwa. Inenso ndidafika pamadzi apo katatu. Ndinkaopa kukuphani." Adapukuta phulusa m'manja. "Inu munkatisunga ife, ine ndinkasunga inu. Nanga mwana ankamusunga ndani?"

Mphepo idayamba kuwomba, ndipo madontho oyamba a mvula adagwa pamasamba a miwanga.

Kamwaza adafunsa motsitsa mawu, "Dzina lake adali ndani?"

"Adalibe. Tinkadikira inu."

Pamenepo Kamwaza adagwa chafufumimba pamakala aja n'kulira mokweza, kulira kumene mudzi wonse udamva. Amayi otsala adatuluka m'nyumba n'kubwera mpaka pamtsinje, n'kuima, poti sakadawoloka.

Nachisale ndiye adaimirira. Adapita m'mphepete mwa madzi n'kuwakodola ndi dzanja.

"Bwerani ndi malichero. Mwini wake walola. Mvula yayamba, ndipo kuno kuli mbewu."

Adawoloka mmodzimmodzi, mwamantha. Mbiya ya mawere adaigawa kuti ana amwe phala tsiku lomwelo. Mapira ndi nzama adagawana zobzala, khomo lililonse nsengwa yake. Chaka chimenecho mudzi udadzuka ndi mbewu za m'mbiya zitatu zija. Nthambi adachira, adakula, adakhala ndi ana akeake.

Kamwaza ndi Nachisale adakalamba limodzi. Sadasiye kusunga, poti mipando ya mafumu siileka kugwedezeka. Koma chaka chilichonse akakolola, ankakhala pansi banja lonse, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Ankapangana kuti ichi tidya, ichi ndi mbewu, ichi tibisa, ndipo tibisa apa. Aliyense ankapita kukaona malowo ndi maso ake. Ndipo Nthambi atakwatiwa, Nachisale adamuitana mkamwini wake tsiku loyamba, n'kumuuza kumaso kuti, "Ulemu ndaulandira. Koma tsiku la mavuto udzandiitane ndi pakamwa pako."

Tsono ana anga, mverani phunziro lake. Kamwaza sadalakwe posunga. Dziko likayamba kutekeseka, akuluakulu akamakangana, zinthu zikamasowa pamsika, munthu wanzeru amapatula kangachepe n'kuika padera. Kulakwa kwake kudali kusunga yekha. Chobisika chimene akuchidziwa munthu mmodzi chimapita naye komwe wapita. Ndipo chikondi chosalankhula chimatha kupha ngati chidani. Mukadzakula n'kukhala ndi makomo anu, mudzakonzekere masiku oipa pamodzi ndi a m'nyumba mwanu. Mudzawauze zoona ngakhale zili zoopsa. Mantha ogawana amapepuka, koma njala ya munthu wosauzidwa ilibe mankhwala.

Pukuta misozi, mwana wanga. Mawa kukacha ine ndi amayi anu tikuonetsani pomwe taika mbewu za chaka chino, nonsenu, ndi wamng'ono yemweyu.

Apa ndiye pothera pa nthano yanga.